Ndinalipira R250 kuti ndikayende wapansi ku Klipriviersberg, ndikuuzeni mmene zinayendera

Uthenga utafika pa gulupu yathu ya WhatsApp ya amayi a kutchalitchi woti kuli achimwene ena a kumudzi konkuno amene amanyamula anthu pa minibasi ya Quantum Loweruka kupita nawo kokayenda mtchire, ine ndinaseka mpaka misozi. Kulipira ndalama kuti ukayende wapansi? Ine wa ku Ntcheu, amene ndinakula ndikusenza thumba la chimanga kupita kuchigayo maola awiri kupita kokha, lero ndizipereka R250 kuti munthu azindiuza kuti pondani apa? Ndinayankha kuti zimenezo ndi za mabwana athu omwe miyendo yawo imangodziwa ma pedulo a galimoto. Koma asisi omwe ndimakhala nawo nyumba imodzi kuno ku Turffontein, ku Joni, anandikakamira kuti tiyeni mukapumeko mphepo, sabata yonse mumangopuma Jik ndi Handy Andy, ndiye basi ndinalembetsa. Dzina la achimwenewo sinditchula chifukwa pali zina zomwe ndiwadandaule pansipa ndipo sindikufuna kuwaonongera geni.

Tiyambe ndi nthawi. Anati 7 koloko m'mawa tikhale titaima pa garaji. Munali mu July, amene mwakhalako ku Joni mukudziwa kuzizira kwake, kumalowa mpaka m'mafupa, ife tinaima pamenepo tikunjenjemera ngati anapiye onyowa mpaka 20 past 8. Foni ukaimba akuti ndili pa robot asisi, ndafika kale. Robot yake iti sitikudziwa mpaka lero. Atafika palibe ndi pepani yemwe, kungoti lowani lowani tachedwa, ngati tachedwetsa ndife.

Chinandipweteka kwambiri mtima nchoti sitinayende ndi mphindi 20 zomwe tinali titafika. Klipriviersberg Nature Reserve ili kummwera kwa tauni pafupi ndi Mondeor ndi Kibler Park, makilomita 10 kapena kuposerapo pang'ono kuchokera ku CBD, kutanthauza kuti ine zaka 6 ndakhala ndikudutsa pafupi pa taxi popita kuntchito ku Glenvista ndikumangoona mapiri aja osadziwa kuti munthu atha kulowamo. Tinalowera geti la ku Peggy Vera Road. Ndipo pageti salipiritsa, kulowa ndi ulere, malowa ndi a mzinda. Izi achimwene athu sanatiuze pa gulupu paja, analemba kuti R250 ndi ya thiransipoti, entrance ndi lunch. Nditawafunsa kuti nanga entrance yake ndi iti, anangoseka nkuti asisi inu ndi ovuta eti.

Tsopano zabwino, chifukwa zilipo ndithu.

Ukangolowa pang'ono phokoso la tauni limatha. Zoona. Palibe hutala ya taxi, palibe sailini, umangomva mapazi ako ndi mbalame. Malowa ndi aakulu, mahekitala oposa 600, ndipo njira zake zilipo zambiri, zina zokwera mapiri, koma ife anatitengera yachidikha yotsata kamtsinje kotchedwa Bloubosspruit chifukwa pagulu pathu panali amayi achikulire awiri ndi amalume ena a ku Mzimba oyenda ndi ndodo. Kamtsinjeko musayembekeze Shire kapena Linthipe, nthawi yozizira kamakhala kochepa moti malo ena utha kudumpha, koma mitengo ya m'mbali mwake imapereka mthunzi ndipo njira yake ndi yosalala bwino, mwana wa zaka 7 yemwe tinali naye anayenda yekha osabelekedwa. Chokhacho mpweya umavutirapo mukayamba kukwera ngakhale kamtunda kakang'ono, pajatu Joni ili pamwamba, mamita oposa 1,700, kuposa Dedza yomwe timati ndi kumwamba ija.

Tisanapite patali tinaona mbidzi. Zamoyo, zosamangirira, zikudya udzu chapatali pang'ono osatilabadira nkomwe. Asisi anga anakuwa kuti mayo ine, achimwene aja nkuwauza kuti chete muzithawitsa. Kenako nyumbu zakuda zija za mchira woyera, ndi agwape ena a mphumi yoyera omwe kuno amati blesbok. Pamiyala panali mbira zikuothera dzuwa, zonenepa bwino, amalume a ku Mzimba anaziyang'ana nthawi yaitali nkunena chapansipansi kuti kwathu izi sizikanafika madzulo. Tonse tinafa nako kuseka. Ine ku Malawi mbidzi ndinkangoiona m'buku la Standard 3, ndadzaiona maso ndi maso ku Joni, komwe anthu kumudzi amaganiza kuti kuli nyumba zosanja zokhazokha ndi atsotsi.

Pomwe ndinaona kuti ndalama yanga sinapite pachabe ndi pamabwinja. Apa ndiye achimwene aja ndiwapatse ulemu wawo, nkhani amazidziwa ndipo amafotokoza mu Chichewa chomveka, osati kungowerenga chikwangwani. Anatiimika pa makoma a nyumba yakale yopanda denga, yomwe inali ya Mbunu wina dzina lake Sarel Marais amene anafika kuno ndi ngolo za ng'ombe nkumanga cha m'ma 1850. Anatiuza kuti tiganize bwino, golide anapezeka 1886, ndiye nyumba iyi inamangidwa kulibe Johannesburg, kulibe Park Station, kulibe Ponte, kulibe kalikonse, tchire lokhalokha. Ndinagwira khomalo ndi dzanja, lozizira, lokhuthala kuposa makoma a masiku ano, ndipo pena pomwe pagumuka umaona mmene anasanjira mkati, zosasiyana kwenikweni ndi mmene agogo anga anamangira nyumba yawo. Ndinaima pamalo pomwe panali khomo nkumaganiza za mayi wa m'nyumbamo, madzi ankakatunga kukamtsinje komwe taoloka kaja, nkhuni m'phiri, moyo wa kumudzi weniweni. Komanso mtima unandiuza kuti mwina sankatunga yekha, panali wina wonga ine amene ankamutungira, koma dzina la ameneyo palibe analisunga.

Kenako anatikweza pang'ono kukaona zomwe ine ndikanadutsa osazindikira. Miyala yosanjidwa mozungulira, yofika m'mawondo, udzu utamera pakati. Ukangoyang'ana umati ndi miyala basi. Koma akakulozera umayamba kuona kuti ili ndi khola la ng'ombe pakati, uku kunali nyumba, apa podutsira. Ndi midzi ya Atswana omwe anakhala m'mapiri amenewa zaka mazana angapo Mabunu asanafike, ankaweta ng'ombe ndi kulima mapira, ndipo anabalalika m'zaka za m'ma 1820 pomwe Mzilikazi ndi ankhondo ake anadutsa dera lino atachoka kwa Shaka.

Atangotchula Shaka, amalume a ku Mzimba anaimika ndodo. Anati mphwanga ima kaye, nkhani imeneyo ndi yathu. Ndiye anayamba kufotokoza kuti chipwirikiti chomwe chinathamangitsa Mzilikazi ndi chomwecho chinanyamutsa Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu 1835 tsiku lomwe kadamsana anagwira dzuwa kunja nkuda masana, mpaka mbumba yake kukafika ku Mzimba. Ine ndinati amalume musaiwale ife a kwa Gomani, a Maseko tinadzera njira yathu osati pambuyo panu. Iwo nkuti aaa inu Angoni a ku Ntcheu chilankhulo munataya kalekale mumangodziwa nyama ndi mowa, ine nkuti nanga inu si mukuyankhula Chitumbuka? Tinakangana pamenepo mphindi mwina 15 titakhala pamiyala, anthu akuseka, mpaka mzungu wina wothamanga anaima kufunsa ngati kuli vuto. Koma nditakhala chete zinandilowa mumtima. Makolo athu anachoka mbali ino ya dziko ndi nthungo, agogo anga aamuna anabwereranso pa Wenela kudzakumba golide, ine ndabwera pa basi kudzera pa Mwanza ndi Beitbridge kudzakolopa. Ndipo uli pamtunda pamenepo ukayang'ana kumpoto umadziwa kuti kuseri kwa zitunda izo ndi komwe kuli milu ya dothi la m'migodi lomwe iwo anatulutsa.

Tibwerere ku madandaulo. Lunch. Pa gulupu analemba kuti kudzakhala braai, ena mpaka anabwera osadya m'mawa kusungira mimba. Chomwe chinatuluka mu cooler box ndi buledi wopaka majarini, polony magawo awiri awiri ndi juwisi wosungunula m'chigubu cha malita 5. Titafunsa anati mu reserve saloleza kuyatsa moto, ndipo ndi udzu wouma umene uja ine ndikugwirizana nazo, machesi amodzi phiri lonse lapita. Koma nanga inu simunkadziwa polemba uthenga? Mwamwayi amayi amodzi aja anali atanyamula mandasi ndi mbatata yophika m'chikwama, Mulungu awadalitse, ndi zomwe zinatipulumutsa.

China, amayenda mothamanga. Akayamba kufotokoza nkhani amaiwala kuti kumbuyo kuli anthu achikulire, kawiri konse ine ndinachita kukuwa kuti achimwene dikirani amayi atsalira. Gulu la anthu 13 limafunika wina kutsogolo wina kumbuyo, osati munthu mmodzi yemweyo dalaiva, yemweyo wolondolera, yemweyo wojambula zithunzi. Komanso sanatiuze zovala. Mtsikana wina anabwera atatchena ndi masilipasi oyera a ubweya ngati akupita ku mall, pobwerera anali a khofi ndipo chala chikutuluka magazi. Valani mateki, tengani jekete yoti mutha kuvula dzuwa likakwera, chipewa, ndi madzi anuanu botolo lalikulu. Madzi a mumtsinje musamwe ngakhale aoneke oyera bwanji, adutsa m'malokeshoni.

Ngakhale zili choncho mwezi wotsatira ndinapitanso nawo, ulendo uno ku Hennops njira ya ku Hartbeespoort, pafupifupi ola limodzi pa galimoto. Kumeneko ndiye pageti umalipiradi. Kuli milatho yolendewera yogwedezeka ndi kabokosi kachitsulo kopachikidwa pa waya komwe umakhalamo nkumakokedwa ndi chingwe kuoloka mtsinje, ine ndinatseka maso ndikuitana amayi anga omwe ali ku Ntcheu. Kulinso phanga lomwe amati linali chipatala pa nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi ya 1899 mpaka 1902. Nkosangalatsa kwa achinyamata koma kuli miyala yambiri ndi zokwera, amayi achikulire musawatengere kumeneko, ndipo mtsinje wa Hennops umabwera ndi zinyalala za m'matauni omwe wadutsa, mapulasitiki ali lende lende m'mitengo.

Ndiye mukandifunsa kuti pa 5 ndiwapatsa zingati, ndi 3 ndi theka. Nkhani zawo ndi 5, kusunga nthawi 1, lunch sindinena. Kwa munthu wopanda galimoto, komanso mzimayi amene sangalowe mtchire yekha kuno ku Joni, kuyenda pagulu chonchi nkothandiza ndipo ulendo woyamba mpofunika wokulozera miyala ija apo ayi mudzangoiponda. Koma amene mumakhala Turffontein, Rosettenville kapena La Rochelle, ulendo wachiwiri sonkhanani anthu anayi muitane Bolt, taxi yoitanitsa pa foni ija, muphike mpunga ndi nkhuku yanu kunyumba, R250 ija itsala yambiri.

Ife tapangana kale Sande yoyamba ya mwezi wa mawa tikatuluka mapemphero a m'mawa. Amalume a ku Mzimba akuti abwera ndi umboni woti Angoni enieni ndi iwo, ine ndatumiza kale voice note kwa amalume anga ku Lizulu kuti andikonzere mayankho. Masokosi a ulendo woyamba uja ndinangotaya, chisoso chake chinakanika kuchotsa.