Mabuku obwereketsa a nkhani za sayansi ndi zamatsenga pa papelariya ina ku Ulongwe

Pafupi ndi msika wa ku Ulongwe, likulu la boma la Angonia ku Mozambique, pali papelariya ina imene anthu ambiri amaidziwa chifukwa cha makope, zolembera ndi makina a fotokope. Kuseri kwa kauntala yake kuli mashelefu a mabuku obwereketsa, ndipo ambiri mwa mabukuwo ndi a nkhani zopeka za sayansi, za maulendo a kumwezi ndi kunyenyezi, za m'tsogolo mwa dziko lino, komanso za maiko amatsenga amene olemba amachita kuwapanga m'mutu mwawo. Mwini wake ndi mphunzitsi wopuma pantchito, amene wamkulu ndi wamng'ono yemwe amangowatchula kuti aphunzitsi. Ndakhala ndikubwereka kumeneko kwa nthawi yaitali, ndipo ndikuona kuti ndalama imene ndimapereka imapita poyenera, ngakhale kuti chimene chimandibweza mobwerezabwereza ndi owerenga anzanga kuposa mashelefuwo, amene ali ndi zofooka zake zoonekeratu.

Kabwerekedwe kake ndi kosavuta. Munthu amalembetsa dzina, amasiya kandalama ka chikole kamene amadzabwezeredwa akafuna kusiya, kenako amalipira mwezi ndi mwezi ndalama imene sifika ngakhale pa mtengo wa shapa (minibasi) yochoka ku Ulongwe kupita ku Domwe. Aphunzitsi amalandira mametikali pamanja, koma amalolanso kulipira pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo owerenga ena okhala kutali amabweza buku kudzera mwa kondakitala wa shapa amene amamukhulupirira. Amabwereketsa buku limodzi pa nthawi imodzi, kwa masabata awiri, ndipo lalikulu amawonjezera sabata ina. M'nyengo yokumba mbatata ya kachewere kapena yosoka fodya, pamene anthu ambiri kuno amachoka m'mawa n'kubwerera madzulo atatopa, aphunzitsi salimbana ndi munthu wochedwa kubweza malinga ngati wawadziwitsa.

Mabuku ambiri ali m'Chipwitikizi, ndipo pakati pawo pali akale a Jules Verne amene ana a sekondale amayambirapo chifukwa chilankhulo chake n'chofanana ndi cha m'kalasi. A Chingerezi ndi ochepa, ogulidwa akalekale kwa ogulitsa mabuku ogwiritsidwa kale ntchito ku Dedza ndi ku Lilongwe, n'kulowa nawo pa chipata cha Calomue. Kukhalapo kwa zilankhulo ziwirizi pa shelefu imodzi kuli ndi chifukwa chake chimene aliyense wa kuno amachidziwa. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni anthu pafupifupi miliyoni imodzi a ku Mozambique anathawira ku Malawi, ambiri mwa iwo ochokera m'chigawo chino cha Tete, ndipo ana awo anaphunzira sukulu kumeneko mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Amene anakulira ku Dedza ndi ku Ntcheu masiku amenewo amawerenga Chingerezi momasuka, pamene ana awo obadwira kuno amawerenga Chipwitikizi. Choncho si zachilendo kuona bambo ndi mwana wake atanyamula mabuku awiri amene aliyense sangathe kuwerenga la mnzake bwinobwino, koma akabwerera kunyumba amauzana nkhanizo m'Chichewa.

Chinthu chimene ndimachiyamikira kwambiri pamalopa ndi kope lalikulu lachikuto cholimba limene analimangirira ndi chingwe ku mwendo wa tebulo. Aliyense wobweza buku amapemphedwa kulemba m'kopemo mizere ingapo: buku limene wawerenga, ngati walimaliza kapena wasiyira panjira, chimene chamugwira mtima, ndiponso munthu wotani amene angalikonde. Lamulo lake ndi limodzi lokha, lakuti usaulule mmene nkhani yathera, ndipo pamene wina anayiwala lamuloli aphunzitsi anamata kapepala pamwamba pa mizereyo. Masamba a kopeli ndi odetsedwa ndi zala m'mphepete, zolembera zake ndi zamitundumitundu, ndipo wina akalemba m'Chipwitikizi mnzake amamuyankha m'munsi mwake m'Chichewa, mwina patapita mwezi wathunthu. Munthu wofika koyamba amene sadziwa poyambira amapindula kwambiri akakhala pabenchi n'kuwerenga kopeli asanagwire buku lililonse, chifukwa mabuku amtunduwu ndi aatali, ndipo kuwononga masabata atatu pa buku losakukomera kumagwetsa ulesi woti usadzabwererenso.

Masamba ambiri m'kopemo masiku ano akukamba za Dune, buku la Frank Herbert la 1965, limene aphunzitsi ali nalo m'Chipwitikizi. Nkhani yake imachitikira pa dziko lachipululu lotchedwa Arrakis, kumene madzi ndi osowa moti anthu amavala zovala zotolera thukuta lawo kuti alimwenso, koma mumchenga mwake muli chuma chimene mafumu a maiko ena onse amachilimbirana. Bambo wina amene anagwirapo ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize analemba kuti buku limeneli analiwerenga ngati likunena za kwawo, chifukwa anaona ndi maso ake sitima zodzaza malasha zikupita kunyanja pamene midzi ina yozungulira inasamutsidwa. Mtsikana wina wa sekondale anamuyankha m'munsi mwake kuti iye chinamukhudza ndi madzi, popeza anakhalapo kwa azakhali ake mumzinda wa Tete m'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kumakhala koti munthu wozolowera kuzizira kwa ku Angonia sagona tulo. Wachitatu anatsutsa onse awiri, nati iwo akukonda mwana wa mfumu wochokera kunja amene akubwera kudzatsogolera eni nthaka, pamene bukulo likuchenjeza za kuopsa kotsatira mtsogoleri wotere mwachimbulimbuli. Ine ndikugwirizana ndi wachitatuyu, ndipo ndinabwerekanso bukulo chifukwa cha mizere yake. Kukambirana kotere, pakati pa anthu atatu amene mwina sanakumanepo, ndi kumene kumapangitsa kuti malowa asiyane ndi tebulo wamba logulitsa mabuku akale.

Mabuku olembedwa ndi anthu a muno mu Africa ndi ochepa kwambiri, koma ndi amene sakhalitsa pa shelefu. Binti, kabuku kakafupi ka Nnedi Okorafor ka 2015 kamene kanapambana mphoto za Hugo ndi Nebula, kamanena za mtsikana wa mtundu wa Himba amene akuchoka kwawo usiku makolo ake osadziwa, kupita ku yunivesite ya kutali pakati pa nyenyezi, atanyamula dothi lofiira limene akazi akwawo amadzola. Atsikana ambiri amene akuganiza zopita kukaphunzira ku Beira kapena ku Maputo analemba za kabukuka, ndipo ndi kamene ndingalangize aliyense wowerenga Chingerezi kuti ayambirepo. Palinso Azotus the Kingdom la Shadreck Chikoti wa ku Malawi, limene nkhani yake ikuchitika mu Africa zaka 500 m'tsogolo. Anthu amalifuna chifukwa wolemba wake ndi wa tsidya la malire pomwepa, ndipo pali mndandanda wa mayina a amene akulidikira.

Kuti akwaniritse pamene mashelefu akuperewera, aphunzitsi amathandiza owerenga kupeza nkhani zaulere pa foni. Amawasonyeza magazini ya pa intaneti ya Omenana, imene inayamba ku Nigeria mu 2014 ndipo imafalitsa nkhani zazifupi zamtunduwu za olemba a mu Africa popanda malipiro, komanso Project Gutenberg kumene kuli mabuku akale amene aliyense ndi wololedwa kutenga. Mnyamata wa pa makina a fotokope ndiye amasamutsira mabukuwa m'mafoni a anthu amene alibe ndalama ya megabayiti, ndipo salipiritsa. Koma aphunzitsi amakana kwamtuwagalu kujambula buku lathunthu pa fotokope, ngakhale kuti makinawo ali pompo ndipo akanapeza nawo ndalama. Ena amadandaula nazo, makamaka amene akudikira buku limene lili ndi mzere wautali, koma ine ndikuona kuti akuchita bwino, chifukwa olemba ochepa a kuno amene tikuwafunawo sangapitirize kulemba ngati buku limodzi logulidwa likubala makumi ojambula.

Loweruka masana owerenga amakumana pakhonde la shopuyo, ena pa mabenchi, ena pa makatoni a mapepala. Palibe buku limodzi limene onse amalamulidwa kuwerenga. Aliyense amafotokoza limene ali nalo m'manja sabata imeneyo ndi pamene wafika, ndipo amafotokoza m'Chichewa, kaya bukulo lili m'chilankhulo chanji. Aphunzitsi salankhula kwambiri, koma amadziwa kutsegula pakamwa pa munthu wamanyazi. Tsiku lina kamnyamata kena kanangoti buku lake ndi labwino basi, ndipo iwo anakafunsa mofatsa kuti, "Mwana wanga, agogo ako atakufunsa madzulo ano kuti m'bukumo muli chiyani, ungayambire pati?" Kamnyamatako kanayamba mwachibwibwi, kenako kanafotokoza za mzinda womangidwa pansi pa nyanja mwadongosolo lake moti amayi ena ogulitsa tomato amene ankangodutsa anaima kumvetsera mpaka kumapeto. Kufotokoza kotereku kumathandizanso amene sawerenga Chingerezi kuti adziwe zimene zili m'mabuku a shelefu inayo.

Pali makolo ena, makamaka opemphera kwambiri, amene amakayikira mabuku okhala ndi mfiti, zinjoka ndi malupanga amatsenga pachikuto, ndipo nkhawa yawo ndimaimvetsa chifukwa kuno nkhani ya ufiti imapasula mabanja ndi kuthamangitsa okalamba m'midzi. Aphunzitsi sanyoza makolo otere. Amawaitana kuti adzaone okha, amawafotokozera kuti nkhanizi ndi zopeka monga nthano za kalulu ndi fisi zimene iwonso anakulira, ndipo kholo likakanabe, mwanayo amamupatsa mabuku a maulendo ndi a makina okha. Njira imeneyi yasunga mtendere, ndipo makolo ena amene anabwera kudzadandaula ndi amene pano amabwereka.

Zofooka za malowa ziyenera kunenedwa poyera. Chachikulu ndi mabuku osakwanira. Nkhani zambiri zamtunduwu zimalembedwa m'magawo angapo, ndipo pa mashelefu awa kawirikawiri umapeza gawo loyamba ndi lachitatu, lachiwiri palibe. The Lord of the Rings la J. R. R. Tolkien, limene linatuluka m'mabuku atatu mu 1954 ndi 1955, lili pano lopanda lapakati, moti anthu angapo analemba m'kope muja kuti anasiyidwa m'malere gulu la apaulendo litangobalalika. Aphunzitsi amadziwa vutoli, koma sachenjeza munthu asanatenge gawo loyamba pokhapokha atafunsa, ndipo apa ndikuona kuti akulakwitsa. Kapepala kakang'ono komata pachikuto konena kuti gawo lotsatira kulibe kakanathetsa madandaulo ambiri.

Kasungidwe ka mabuku nakonso n'kosakhutiritsa. Shelefu yapansi yagundana ndi khoma limene limanyowa m'nyengo ya dzinja, ndipo mabuku ena ayamba nkhungu ndi kununkha chinyontho, pamene awiri kapena atatu chiswe chinawalawa m'mphepete. Malo okhala m'katimo ndi ochepa, ndipo masiku olembetsa sukulu phokoso la makina a fotokope ndi mzere wa anthu zimapangitsa kuti kuwerenga kope lija kukhale kosatheka. Shopu imatsekanso dzuwa lisanalowe, nthawi imene ogwira ntchito akungoweruka kumene. Ndaonanso kuti pa msonkhano wa Loweruka amayi apabanja amakhala ochepa, ngakhale kuti m'kopemo zolemba zawo ndi zambiri ndipo ndi zina mwa zakuya kwambiri, zimene zikusonyeza kuti nthawi ya msonkhanoyo siwakomera. Kuusuntha mwezi ndi mwezi kuti nthawi zina uzichitika Lamulungu masana kungathandize.

Pa mashelefu onsewa palibe buku ngakhale limodzi lamtunduwu la m'Chichewa, ndipo apa sindingawaimbe mlandu aphunzitsi chifukwa sangabwereketse chimene sanachipeze pamsika. Komabe kumapeto kwa kope lija, kuyambira ku tsamba lomaliza kubwerera m'mbuyo, owerenga ena ayamba kulemba tinkhani tawotawo m'Chichewa. Kena kamanena za mudzi wa m'mbali mwa damu la Cahora Bassa m'nthawi imene mtsinje wa Zambezi waphwa, kena za mlimi wa ku Tsangano amene makina ake olimira ayamba kukana kulima pamanda a makolo. Kalembedwe kake n'kosapsa kwenikweni, ndipo ena amathamangira kumapeto nkhani isanakhwime, koma anthu amatiwerenga ndi kutiyankha ndi chidwi chofanana ndi chimene amapereka kwa mabuku osindikizidwa. Ndinawapempha aphunzitsi kuti tinkhani timeneti atipatse kope lakelake, ndipo eni ake akalola, azitijambula pa makina awo aja n'kutisoka ngati timabuku tobwereketsa pamodzi ndi enawo. Anandiyankha kuti pepala ndi inki n'zodula, koma owerenga a Loweruka akasonkha ndalama ya pepala, iwo adzapereka inki ndi ntchito.