AppSheet, Power Apps ndi Odoo: kwa ife a ku Angonia yotithandiza ndi iti?

Anzanga amene mumagula soya ndi chimanga kapena muli ndi loja ya feteleza kuno ku Ulongwe, ambiri mwakhala mukundifunsa za app yolembera katundu mmalo mwa makope aja amanyowa ndi mvula. Ntchito yanga ndi yomweyi, kukonzera ma kooperativa ndi ma loja tima sisitemu totere, nde ndati ndilembe zomwe ndaona pa zitatuzi.

Ine chomwe ndimayamba kuyang'ana ndi rede. Mnyamata wogula soya ali ku Domwe kapena kumtunda ku Tsangano, sikelo wapachika pamtengo, alimi ali pamzere ndi matumba awo, foni ikungoonetsa ka E kokha, nde app ikuyenera kulemba dzina, makilo ndi mtengo osadikira intaneti. Apa AppSheet imandigwira mtima zedi. Google anaigula mu 2020, deta yake mutha kusunga mu Google Sheets momwe kontabilista wanu anazolowera kale, ndipo mukayatsa offline foni imasunga zonse, madzulo mnyamata akafika pomwe pamagwira rede amangodina sync basi zonse zafika ku ofesi, ndi chithunzi cha risiti chomwe komanso malo amene anagulira. Poyesera, anthu mpaka 10 salipira. Koma musaisenzetse katundu woposa msinkhu wake, mizere ikachuluka kwambiri mu sheet sync imayamba kuchedwa, komanso si yosungira ma akaunti a bizinesi yonse.

Power Apps ya Microsoft ndi yamphamvu, izo sindikana, ndipo amene amadziwa ma formula a Excel sangavutike nayo. Makampani akuluakulu ngati a ku Moatize omwe ali kale ndi Microsoft 365 ndi SharePoint ikuwayenera. Kwa ife nkhani ndi ndalama. Offline yodalirika imafuna Dataverse, malo a Microsoft osungira deta, imeneyo ndi ya premium, pafupifupi madola 20 munthu mmodzi pamwezi. Mukhale ndi anyamata 15 nthawi ya kampanya, ndi madola 300 amenewo, kupitirira 19,000 mametikali mwezi uliwonse, kulipira kwake pa khadi ya banki yotha kugulira kunja. Phindu la pa kilo ya soya mukulidziwa nokha.

Odoo ndi ina, iyi ndi ERP yathunthu, kutanthauza sisitemu imodzi yoyendetsera bizinesi yonse, yochokera ku Belgium, inayamba mu 2005 ikutchedwa TinyERP. Mtundu wake wa Community ndi waulere, mumaika pa seva yanu, imayenda ndi Python ndi PostgreSQL, ili ndi Chipwitikizi, nde stock, kugulitsa pa kauntala, fatura yokhala ndi NUIT ndi IVA ya 16% zonse zimalumikizana, thumba la urea likatuluka pa loja nambala ya mu armazém imatsika pompo. Chimene ndimaikondera ndi choti kasha ikatsegulidwa mmawa, intaneti ikaduka masana mumapitiriza kugulitsa, imadzatumiza rede ikabwera. Zoti mudziwe: Studio yosinthira ma fomu osalemba code ili mu mtundu wolipira wa Enterprise, accounting yonse chimodzimodzi, komanso pamafunika munthu wodziwa Linux wopanga backup tsiku ndi tsiku, ndi UPS (batire yosunga magetsi) chifukwa magetsi akazima seva ili mkati molemba deta imatha kuwonongeka. Za fatura muyambe mwakhala pansi ndi kontabilista wanu aone ngati ikugwirizana ndi zomwe a Finansa amafuna.

Nde amene mumatuma anyamata kumidzi, tengani AppSheet. A loja yokhala ndi armazém ndi nthambi ina ku Furancungo kapena ku Calomue, Odoo. Ndipo iliyonse mwasankha, akaunti itsegulidwe ndi email ya bizinesi yanu, password mukhale nayo inu eni ake, osati pa Gmail ya mnyamata wokukonzeraniyo, ngakhale atakhala ine.