Mtsuko wakale wa ku Shiwan: tiyi akusungika bwino, koma chivundikiro chinandikhumudwitsa

Patha miyezi isanu ndi umodzi chigulireni mtsukowu pa intaneti. Wogulitsa analemba kuti unaumbidwa ku Shiwan, ku Foshan m'chigawo cha Guangdong ku China, chakumapeto kwa ufumu wa Qing womwe unatha mu 1912. Ndi waufupi, wotukuka mimba, ndipo dzanja langa limalowa kukamwa kwake osakakamira. Utoto wake ndi wobiriwira, wonyezimira ngati galasi, ndipo pootcha paja unayenderera n'kukaunjikana m'munsi ngati uchi. Kutsinde anasiya dongo losapaka, lokhakhala, lomwe linandikandira tebulo tsiku loyamba lomwelo. Muziyalapo kansalu.

Ukaugogoda ndi chala umalira ngati belu, osati kugunda kwa mtsuko wathu wa kumudzi. Miphika yotereyi imaotchedwa m'ng'anjo pa moto wofika madigiri 1,200, dongo n'kulimba ngati mwala, osamwanso madzi. Mtsuko wa agogo umatuluka thukuta, n'chifukwa chake madzi amazizira, koma mutaikamo tiyi angachite nkhungu. Uwu chinyontho sichidutsa. Mu Januwale mvula ili mkati, masamba a ku Thyolo omwe ndinawasiya m'paketi anafewa n'kutaya fungo, pomwe a mumtsukomu anali ouma gwa, ukawafikisa ndi zala akuthetheka. Apa ndiye ndinakhutira.

Poyamba sizinali choncho. Nditautsegula munatuluka fungo lowawasa, ngati munkasungidwa zakudya zoviika mumchere. Tiyi amakoka fungo la chilichonse chomwe wayandikana nacho, ndiye sindinapupulume. Ndinautsuka ndi madzi otentha opanda sopo, n'kuuyanika padzuwa masiku atatu, kenako ndinathiramo masamba otchipa kwa milungu iwiri n'kuwataya. Fungo lija linapita ndi masambawo.

Dandaulo langa ndi chivundikiro. Chomwe chinabwera n'chamtengo, chosemedwa posachedwapa, chikugwedera, ndipo wogulitsa sanatchule kuti si chake. Pobenthuka pa mlomo anaonetsa pa chithunzi, pamenepo ndilibe mawu, koma zachivundikirozi anayenera kunena, chifukwa mtsuko wa tiyi wolowa mphepo ntchito yake yatha. Ndinachikulunga ndi nsalu yoyera kawiri, tsopano chimatseka thi. Nditamulembera anayankha patapita sabata, osapepesa n'komwe.

Popeza utoto wina wakale umakhala ndi mtovu, masamba ndimawaika m'thumba la pepala kaye, osati kukhuthulira mwachindunji. Ngati mumamwa pu'er, tiyi wa ku Yunnan ku China, yemwe amafuna kampweya kuti akhwime, funani mtsuko wosapaka utoto wa ku Yixing, mzinda wina wa ku China komweko. Wangawu ndi wa tiyi wakuda kapena oolong, tiyi wapakati pa wobiriwira ndi wakuda.

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Musanalipire, pemphani chithunzi cha kutsinde ndi cha m'kati, ndipo mufunse ngati chivundikirocho n'chake.