Opaleshoni yosintha chiuno ya simenti kuno ku Japan, mmene ndaionera kwa apongozi anga

Apongozi anga a zaka 78 anawapanga opaleshoniyi pa chipatala china kuno ku Kansai, nde ndati ndilembeko poti ambiri mukamva simenti mumaganiza za Shayona. Ayi ndithu, ndi pulasitiki ina yotchedwa PMMA, amasakaniza ufa ndi timadzi take mu thiyeta momwemo, imatentha kenako nkulimba pa maminitsi ngati 10 basi, nde imagwira mkati mwa fupa la ntchafu chitsulo chomwe amaika m'malo mwa mutu wa fupa omwe achotsa. Njirayi anaitchukitsa ndi John Charnley ku England m'ma 1960.

Kuno zipatala zambiri zimakonda chitsulo chopanda simenti chomwe fupa limamera nkuchigwira lokha, koma dokotala wathu anati kwa gogo wa mafupa ofooka ngati amayiwa chitsulo chokhomera chikhoza kung'amba fupa, simenti nde imakhazikika pomwepo ndipo munthu amaponda mwendo msanga. Ndipo zoona, tsiku lotsatira anthu a fiziyo anali atawaimika kale. Chinanso chomwe ndinaphunzira nchoti amayi ambiri a ku Japan chiuno chimawathera chifukwa kabowo komwe mutu wa fupa umalowa kanakula kosazama kuyambira ali ana, osati ukalamba okha, nde apongozi anachita kuwadulira kachidutswa pa mutu wa fupa lawo lomwe lija anachotsa nkuwonjezera pa kabowoko kuti kapu, kambale kochita kupanga komwe amaika m'kabowomo, igwire bwino.

Pa zoopsa dokotala sanabise kanthu, apa ndawapatsa ulemu. Anatiuza kuti nthawi yomwe akuthira simenti BP imatha kutsika mwadzidzidzi makamaka kwa okalamba ndi odwala mtima, nde dokotala wogoneka anthu amakhala tcheru pa mphindi imeneyo. Anatchulanso magazi kuundana m'miyendo, bala kulowa matenda, chiuno kuguluka, komanso kuti pakapita zaka zambiri chitsulo chimatha kuyamba kugwedera. Asanapite ku thiyeta anawatenga magazi awo omwe masabata angapo m'mbuyo kuti adzawabwezere m'thupi akadzafunika, komanso anawatumiza kwa dokotala wa mano kaye, akuti tizilombo ta m'kamwa timatha kufika pa chitsulo. Ngakhale anavala masokosi othina aja ndi makina opopa mapazi, katumba ka mwendo kanatupabe, sikani inapeza kamagazi koundana kakang'ono, anawapatsa mankhwala ndipo zinatha.

Ndalama sizinatipweteke kwenikweni. Anthu opitirira zaka 75 ambiri amalipira 10 peresenti, komanso pali dongosolo la boma lomwe limaika malire pa zomwe ungalipire pa mwezi malinga ndi ndalama zomwe umapeza. Koma chakudya ndi chipinda chogona wekha ndi zapadera, musadabwe ndi bilu.

Pomwe andikhumudwitsa ndi apa. Mapepala onse osayina anali mu Chijapani chokhachokha, ine ndinangodalira bambo a kunyumba, kaya munthu wobwera yekha amatani. Chachiwiri, fiziyo yawo inali ya kuyenda mu khonde ndi kukwera masitepe basi, pomwe apongozi moyo wawo onse ndi wa pansi, amagona pa futon (kamatiresi koyala pansi), amadyera pa tebulo lalifupi atakhala pa tatami (mphasa za Chijapani), kupemphera kwa makolo amagwada. Zoti asapinde chiuno kwambiri kapena kupotokola mwendo mkati anangozinena mothamanga tsiku lotuluka, nde tinachita kuthamanga tokha kukagula bedi, mpando wautali wa ku bafa ndi kandodo kotolera zinthu pansi. Bedilo mpaka pano amalidandaula kuti likuwapweteka msana.

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5. Ululu omwe unkawalepheretsa kugona unatheratu, pano amapita okha ku supamaketi ndi ndodo imodzi. Ngati wanu akupita ku opaleshoniyi, funsani za kukhala pansi musanasayine, ndipo bedi mugule asanatuluke m'chipatala.