Kugona kwa mlimi ku Nglanggeran, Java: tsiku limodzi silikwana

Nglanggeran ndi mudzi wa alimi m'dera la Patuk, m'boma la Gunungkidul, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kuchokera mumzinda wa Yogyakarta, pa chilumba cha Java ku Indonesia. Alendo ambiri amabwera m'mawa, kukwera phiri, kujambula zithunzi n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Amenewa amalipirira thanthwe basi, mudzi weniweniwo osauona. Chokoma cha malowa ndi dongosolo logona m'nyumba za alimi, lomwe eni ake amalitcha "live in", ndipo kuti munthu apindule nalo afunika masiku awiri kapena atatu.

Ntchitoyi imayendetsedwa ndi gulu la anthu a m'mudzi momwemo lotchedwa Pokdarwis. Gululi ndi lomwe limagawa alendo m'makomo, kotero musayembekezere kusankha chipinda ngati kuhotela. Mu 2021 bungwe la United Nations loona za zokopa alendo, UNWTO, lidaika mudziwu pa mndandanda wa midzi yochita bwino pa zokopa alendo padziko lonse, ndipo phiri lake lili m'gulu la malo a Gunung Sewu omwe UNESCO idawavomereza mu 2015 kuti ndi malo a mapiri ndi miyala ofunika padziko lonse. Kutchukako sikunasinthe zoti kuseri kwa nyumba kuli khola la mbuzi.

Pagalimoto ndi ulendo wa ola limodzi kudzera msewu wopita ku Wonosari, wokhotakhota pokwera chitunda cha Patuk. Amayendetsa kumanzere ngati kwathu. Galimoto zoitanitsa pa foni, za Grab kapena Gojek, zimakufikitsani bwinobwino, koma kupeza yobwererera muli kumudziko n'kovuta. Panganiranitu ndi dalaivala kapena eni nyumba.

Chipinda chimakhala chosavuta: bedi ndi matiresi, kwina ndi fani. Kubafa ndi komwe alendo ambiri amalakwitsa. Mumakhala kathanki ka simenti kapena ndowa yaikulu, ndi kachikho kotungira kotchedwa gayung. Osalowa m'thankimo, osaviikamo sopo kapena mapazi, chifukwa madziwo ndi a banja lonse. Mumatunga n'kudzithira mutaima pambali. Zimbudzi zambiri n'zonjuta ndipo amadziyeretsa ndi madzi, choncho wofuna tishu atenge yake, asaiponyenso m'chimbudzimo chifukwa imatseka mapaipi. Masoketi ndi a mabowo awiri ozungulira. Tchaja ya mano atatu ya ku Malawi siilowa popanda adaputala.

Tulo ndi tochepa. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha zimkuzamawu za pa mzikiti zimaitanira mapemphero, atambala n'kulandira, ndipo 6 koloko isanakwane anthu apita kale kukamweta udzu wa mbuzi ndi ng'ombe. Ziweto kuno sizitayiridwa kudambo. Zimakhala m'khola ndipo chakudya chimazipeza momwemo, ndiye mitolo ya udzu ndi masamba pa njinga zamoto ndi yosatha pamsewu.

Chakudya ndiye chimapambana zonse. Gunungkidul ndi dera louma, madzi amalowerera pansi msanga m'miyala ya laimu ya kummwera kwake, ndipo kwa mibadwo anthu akhala akudalira chinangwa. Pemphani kuti akuphikireni tiwul, ndipo mukhalepo pokonza. Amasenda chinangwa, kuchidula n'kuchiyanika masiku angapo mpaka chiume gwaa. Pamenepo chimatchedwa gaplek, omwe ndi makaka enieni. Akasinja, amathira ufawo m'lichero, kuwaza madzi pang'onopang'ono uku akupukusa ndi chikhatho mpaka upange timibulu ngati mapira, kenako kuuphika pa nthunzi m'kadengu ka nsungwi kosongoka pansi. Madzi akachuluka umasanduka phala lomata, akachepa m'kati mumatsala ufa wauwisi. Amadya ndi kokonati wopala ndi shuga wa mgwalangwa wofiirira, kapena ndi ndiwo yotchedwa sayur lombok ijo: tempe, yemwe ndi soya wowoletsa, wophikidwa m'mkaka wa kokonati ndi tsabola wobiriwira wambiri. Makaka omwe anyowa ndi mvula n'kuda satayidwa ayi. Amawaviika m'madzi, kuwatsuka, kuwaphika pa nthunzi, n'kukhala gathot, chakudya chotafunika ngati chingamu. M'mbali mwa misewu ya Gunungkidul amagulitsanso ziwala zokazinga, walang goreng. Azungu amachita nazo tsinya. Wa ku Dedza kapena Mchinji sangadabwe.

Chenjezo ndi limodzi pa zakumwa: tiyi amabwera ali ndi shuga wambiri kale. Wosafuna shuga anene kuti "tawar".

Phunziro la koko ndi lomwe mlimi angatolepo nzeru. Gulu la amayi pa Griya Cokelat limasandutsa koko wa m'mudzimo kukhala chokoleti, ufa wa chakumwa ndi maswiti a dodol, m'malo mogulitsa njere zosaphika kwa mavenda. Mlendo amaonetsedwa kuthyola zipatso zakupsa, kuziswa ndi chibonga osati chikwanje kuopa kudula njere, n'kuika njerezo m'mabokosi a matabwa zitavundikiridwa kwa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, uku akuzitembenuza pakapita masiku awiri. Kenako amayanika mpaka chinyontho chitsike kufika pa 7 peresenti. Mukadula njere yovundikiridwa bwino, m'kati mumakhala mofiirira ndi ming'alu. Yofupikitsidwa masiku imaoneka yapepo ndipo imawawa. Yoyanikidwa mwaulesi nyengo ya mvula imachita chuku. Chofooka cha phunziroli n'chakuti gulu likakhala lalikulu, monga ana a sukulu ochokera ku Jakarta, limangokhala chionetsero cha mphindi zochepa. Muli awiri kapena atatu, pemphani kupita m'munda momwe kukaona kutengulira ndi zipatso zomwe zaola ndi matenda akuda.

Pamwamba pa kachitunda pali Embung Nglanggeran, damu lokumba loyalidwa pepala lochindikala la pulasitiki, lomwe mfumu ya Yogyakarta, Sultan Hamengkubuwono X, idalitsegulira mu 2013. Limasunga madzi a mvula, ndipo chilimwe madziwo amatsika okha m'mapaipi kukathirira mitengo ya zipatso za durian ndi longan kumunsi, popanda injini. Alendo amapitako kukaonerera dzuwa likulowa, koma woyang'ana mapaipiwo ndiye amabwerako ndi kanthu.

Phirilo, Gunung Api Purba, ndi zotsalira za phiri lophulika lakalekale, ndipo nsonga yake ili pa mamita pafupifupi 700 kuchokera pa mlingo wa nyanja. Kukwera kumatenga ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Pali mipata yopapatiza pakati pa matanthwe yomwe munthu amadutsa chammbali pa makwerero a mitengo, ndipo chikwama chachikulu chimakakamira. Kuyambira Novembala mpaka Epulo njira imaterera. Komano chilimwe minda imauma. Meyi ndi Juni ndi pakatikati: minda ikadali yobiriwira, njira zauma. Kummawa kwa phiri kuli Kampung Pitu, kamudzi komwe mwambo wake sulola mabanja oposa asanu ndi awiri. Ndi kwawo kwa anthu. Pitani ndi wokuperekezani, musamangoloza kamera pakhomo.

Ajava amalemekeza mawu ofewa. Pofika pakhomo mumati "kula nuwun", ngati odi, ndipo akayankha "mangga" mumavula nsapato n'kulowa. Bambo ndi Pak, mayi ndi Bu, agogo ndi Mbah, zikomo ndi "matur nuwun". Perekani ndi kulandira ndi dzanja lamanja, ndipo poloza gwiritsani chala chachikulu. Vuto lake n'lakuti eni nyumba sangakuuzeni m'maso kuti mwalakwa, amangomwetulira. Achikulire ambiri salankhula Chingerezi, kotero nkhani za kumunda zimayenda bwino pakakhala mnyamata wa Pokdarwis womasulira. Mumupemphe polembetsa pomwe, ndipo mufunsenso ngati masiku anu akugwirizana ndi rasulan, chikondwerero chothokoza zokolola chomwe midzi ya Gunungkidul imachita chaka ndi chaka, chifukwa tsiku lake limatsata kalendala ya Chijava ndipo limasuntha. Ndalama za rupiah tengani zapamanja, zing'onozing'ono, kuchokera ku Yogyakarta.