Kusefa madzi kapena kuteteza nthaka ya kumtunda?

Mtsinje ukamafiira mvula ikangogwa, akatswiri a madzi amakhala ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi kulimbana ndi matopewo pamalo oyeretsera madzi. Amathira mankhwala otchedwa alamu kuti dothi ligwirane n'kudikha pansi, kenaka amasefa madziwo mumchenga n'kuthira kolorini. Zimathandiza msanga, koma matope akachuluka mankhwala amalowanso ambiri, ndipo chaka chamawa vuto limabwera lomwelo.

Yachiwiri ndi kukwera kumtunda komwe dothilo likuchokera: kusiya mitengo m'mbali mwa mitsinje, kuphimba minda ndi mapesi, kudzala udzu wa vetiva mopingasa malo otsetsereka. Ndinayesapo kuzula tsinde la vetiva ndi manja, ndinalephera. Mizu yake imatha kulowa pansi mamita 3. Kumtunda kwa mzere wake mumapeza dothi lakuda litaunjikana, lija likanakathera mumtsinje pamodzi ndi feteleza wa mlimi.

Njira imeneyi imachedwa, imafunanso kuti alimi ambiri amvane, komabe mtima wanga uli pomwepa. Mu 1997 mzinda wa New York ku America unasaina pangano loteteza dera la mapiri a Catskill, komwe umatenga madzi akumwa, ndipo madzi ochokera kumeneko safunika kusefedwa, amangowapha tizilombo basi.