Ndemanga: lenzi ya Canon EF 50mm f/1.8 STM nditaigwiritsa ntchito chaka chathunthu

Ndimajambula zithunzi kuno ku Zomba, makamaka maukwati, zinkhoswe ndi ophunzira akamalandira madigiri awo ku Chirunga. Ndisananene za lenzi iyi ndiyambe ndi imene ndinali nayo poyamba, chifukwa ndi imene inanditsegula m'maso.

Nayonso inali 50mm f/1.8 (nambala ya f imasonyeza kutseguka kwa kabowo kolowetsa kuwala: ikachepa, kabowoko kamakula), yongokopera maonekedwe, dzina lake sinditchula. Ndinaigula pa theka la mtengo ndipo manambala a pabokosi anali omwewo. Vuto linaonekera pa chinkhoswe ku Chinamwali. Anthu atandanda mzere umodzi, a kumanja anatuluka bwino mpaka timaluwa ta pachitenje kuoneka, koma ankhoswe amene anaima kumanzere nkhope yawo inali ngati yakutidwa ndi utsi. Mtima unandiwawa, poti chinkhoswe sachibwereza. Mkati mwa lenzi muli magalasi angapo amene ayenera kuyang'anizana ndendende. Limodzi likangopendekeka, ngakhale pang'ono poti diso silingaone, mbali imodzi ya chithunzi imafa. Kulumikiza magalasi mosamala chotere, ndi kuyeza lenzi isanatuluke m'fakitale, kumadya ndalama, ndipo opanga zotchipa amadumpha pomwepo. Mnzanga wa ku Matawale ali ndi yofanana ndi yanga ija, yake ilibe vuto. Ndiye kuti pogula umangodalira mwayi.

Ya Canon iyi anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Johannesburg. Inatuluka mu 2015, ili ndi magalasi 6 ndipo imalemera magalamu 160 okha, moti tsiku lonse pakhosi sumva. Polumikizira ku kamera ndi pa chitsulo, pomwe pa ya Canon imene inalipo isanatuluke iyi panali pa pulasitiki. Kwa ife osinthasintha malenzi kangapo pa ukwati umodzi, chimenechi si chaching'ono.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mankhwala opyapyala amene amakuta magalasi kuti kuwala kusamanjanje mkati. Ndinajambula akwati ku damu la Mulunguzi madzulo, dzuwa lili kumbuyo kwawo. Ndi lenzi yakale ija chithunzi chotere chinkatuwa, ndi timadontho tobiriwira pakati. Ndi iyi suti ya mkwati inakhalabe yakuda bii, ulusi wa velo uliwonse ukuwala pawokha. Mitengo ya paini kumbuyo inasungunuka mofewa, chifukwa kabowo kolowetsa kuwala kali ndi timasamba 7 topindika. Injini ya fokasi nayo siphokosera, ndimajambula vidiyo m'tchalitchi abusa akulalikira popanda kutembenuza anthu makosi.

Sikuti ndikuti aliyense athamangire zodula. Canon ali ndi 50mm f/1.2L, imene mtengo wake ungagule tilenzi ngati kanga pafupifupi 10. Ndalama imeneyo imapita ku galasi lalikulu, thupi lolimba ndi mphira wotchinga fumbi ndi chinyezi. Koma ukajambula pa f/4 masana, kasitomala wofuna chithunzi chopachika pabalaza sangasiyanitse. Yanga ndimakonda kuiyika pa f/2.8, pamenepo imadula ngati lumo.

Popeza ilibe mphira wotchinga chinyezi, kuno kwathu kumene mvula ndi nkhungu za m'phiri sizisowa imafunika chisamaliro. Chuku chikalowa m'galasi chimayala timizu ngati ukonde wa kangaude. Ine ndimaisunga m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo mpaka lero ili mbee.

Ndikuipatsa nyenyezi 5. Amene mukufuna kugula, kaya yatsopano kaya yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi kamera yanu. Imani moyang'anizana ndi khoma la njerwa, jambulani pa f/1.8, kenako kulitsani chithunzicho muone makona onse anayi musanapereke ndalama.